Banja la msilikali wa ku America likamatha: ankhoswe, khoti la ku Malawi, la ku Germany kapena la ku America komweko?

Pa Amalawi amene anakhazikika ku America alipo ena amene analowa usilikali, poti munthu wa green card (chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika) amaloledwa kulembedwa ntchitoyi ngakhale asanakhale nzika. Alipo enanso amene anakwatiwa ndi msilikali, kapena kukwatira msilikali wamkazi, n'kumatsatira mnzawoyo kulikonse kumene watumizidwa: lero Texas, mawa Germany, mkuja Okinawa. Banja lotere likafika pothera, ambiri amangofunsa kumene zingathe msanga ndiponso motchipa. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti chikalata chimene mutenge kumeneko chidzagwira ntchito pa ofesi iti.

Nkhani yake yagona apa: chigamulo cha khoti lakunja chikhoza kukwana kukufufutani m'kaundula wa mabanja a asilikali, koma osakwana kukupezerani ngakhale dola imodzi ya penshoni. Aliyense woyerekeza njira zimenezi ayambe wamvetsa chifukwa chake.

Mafunso awiri amene anthu amawasakaniza

Loyamba: kodi banja linathadi? Ku America kulibe lamulo limodzi la chisudzulo la dziko lonse. Chigawo chilichonse pa zigawo 50 chili ndi malamulo ake, ndipo dzikolo lilibe pangano ndi dziko lina lililonse lokakamiza makhoti ake kuvomereza chisudzulo chakunja. Pangano la ku Hague la mu 1970 lonena za nkhaniyi Britain inalowamo, America ayi. Chimene chimachitika n'chakuti woweruza wa m'chigawo amalemekeza chigamulo cha mnzake wakunja mwa ulemu chabe, akakhutira kuti mmodzi mwa awiriwo anali wokhazikikadi m'dziko limene anagamuliralo, kuti winayo analandira samani ndipo anapatsidwa mpata woyankha, komanso kuti chigamulocho sichikuphwanya mfundo zazikulu za chigawocho.

Lachiwiri: ndani angalamule ofesi yolipira asilikali kuti idule penshoni? Mu 1981, pa mlandu wa McCarty v. McCarty, khoti lalikulu la dzikolo linati makhoti a m'zigawo alibe mphamvu yogawa penshoni ya msilikali. Nyumba ya malamulo inasintha zimenezi mu 1982 pokhazikitsa lamulo lotchedwa USFSPA. Lamulolo linatchula makhoti amene ofesi yolipira asilikali ija, yotchedwa DFAS, iyenera kuwamvera: a m'zigawo, a ku District of Columbia, a m'madera monga Guam ndi Puerto Rico, ndiponso khoti la dziko lakunja limene lili ndi pangano ndi America lolemekeza zigamulo zake. Pangano lotere silinachitikepo ndi dziko lililonse. Choncho chigamulo cha ku Lilongwe, cha ku Frankfurt kapena cha ku Tokyo, chikanena kuti mayi alandire theka la penshoni, ku DFAS chili ngati lisiti la chigayo china: n'lenileni, koma ufa simutengera pano.

Kuthetsa kwa ankhoswe okha

Njira imeneyi ndi imene yapweteketsa anthu ambiri, makamaka amene akufuna kulowa banja lachiwiri. Munthu amati, "Kumudzi kuja tinangochita chinkhoswe, sitinadalitse, sitinapite kwa DC." Koma lamulo la maukwati la Malawi la mu 2015 limati ukwati wa chikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti ndi wa kuboma ndi wofanana mphamvu, ndipo Amerika amatsata mfundo yakuti ukwati wovomerezeka kumene unamangidwira ndi wovomerezekanso kwawo. Chinkhoswe cha ku Ntcheu chija ndi ukwati weniweni ku Texas. Ankhoswe akakhala pansi n'kugwirizana kuti ana awa asiyane, mudzi wonse umadziwa kuti banja latha, koma palibe pepala la khoti, ndipo kalata ya a nyakwawa si chigamulo. Ukwati wa chikhalidwe umathetsedwa ku khoti la majisitireti, kumene ankhoswe omwewo amakaperekera umboni.

Ena amalimba mtima ndi mlandu wa Adjei v. Mayorkas wa mu 2023, pamene khoti la apilo linati chigawo cha Virginia chingavomereze chisudzulo cha mwambo wa ku Ghana chimene akuluakulu a mabanja anachita eni akewo ali kunja. N'zoona, koma taonani zonse: mlanduwo unali wa unzika, unkakhudza Virginia yokha, malamulo a Ghana amavomereza mwambowo, ndipo munthuyo anachita kufika ku khoti la apilo kuti amumvere. Kumbali ina kuli mlandu wa Aleem v. Aleem wa mu 2008. Bambo wina wogwira ntchito ku World Bank anakapereka talaka (chisudzulo cha Chisilamu) ku ofesi ya kazembe wa Pakistan ku Washington mkazi wake atayamba kale mlandu ku Maryland, ndipo khoti lalikulu la chigawocho linakana talakayo chifukwa ikanam'mana mayiyo gawo la chuma, kuphatikizapo penshoni. Abale athu achisilamu aziidziwa nkhani imeneyi.

Banja loyamba likapezeka kuti silinathe, lachiwiri limakhala lopanda pake pa lamulo, ndipo kwa msilikali zotsatira zake zimabwera mondondozana. Alawansi ya nyumba imene ankalandira monga munthu wapabanja akhoza kumulamula kuti abweze. Ndalama zimene inshuwalansi ya chipatala ya TRICARE inalipirira mkazi wachiwiriyo zikhoza kufunidwanso. Ngati ankadziwa n'kulemba zabodza pa fomu, malamulo a chilango a asilikali ali ndi ndime 107 ya kunama pa zikalata za boma. Malamulo a zachuma a unduna wa zachitetezo amachita kutchula ukwati wobwera pambuyo pa chisudzulo chakunja monga nkhani yofunika kuiunika kaye. Chowawa kwambiri chimadza msilikali akamwalira, amayi awiri n'kutulukira aliyense ndi satifiketi yake. Ofesi ya VA, yoona za anthu amene anagwirapo usilikali, ili ndi kampata kothandiza wamasiye amene sankadziwa kuti panali chopinga, koma kampatako kamatsekeka mkazi woyamba akabwera n'kupezeka kuti ndiye woyenera.

Ine sindingaiwerengere n'komwe ngati njira. Ankhoswe akhale poyambira, chifukwa amathandiza kuti anthu asiyane mwaulemu ndi kugwirizana za ana, koma nkhani ikathere ku khoti.

Khoti la ku Malawi

Apa zimadalira kuti ndani akukhala kuti. Tiyerekeze kuti bambo anapita yekha ku America, analowa usilikali, mayi anatsala ku Zomba ndipo sanachokepo. Mayiyo ndi wokhazikika ku Malawi, khoti la kwawo lili ndi mphamvu zonse pa banjalo, ndipo bamboyo akalandira samani moyenera, chigamulocho makhoti ambiri a ku America sangachikane. Ndi njira yotsika mtengo poyerekeza ndi maloya a ku America amene amalipiritsa pa ola. Zikalata zathu zimatulukanso m'Chingelezi, pamene za ku Germany ndi ku Japan zimafuna womasulira wovomerezeka.

Zimasintha onse awiri akakhala kuti ali ku North Carolina zaka zambiri, kenako mmodzi n'kubwera kutchuthi cha milungu itatu, kapena kungotumiza mapepala kwa mlamu wake kuti ayendetse. Pasipoti ya Malawi payokha siikhutiritsa oweruza ambiri a ku America. Amafuna kuona kumene munthu amakhala ndi kumene akulinga kukhala. Winanso amanamiza khoti kuti sakudziwa kumene mnzake ali pamene nambala yake ali nayo pa WhatsApp. Chigamulo chopezedwa motero chimagwa tsiku limene winayo adzachitsutse, kaya papita zaka zingati.

Ambiri amadalira chidindo cha apostille, poti Malawi ndi America onse ali m'pangano lake. Chidindocho chimangotsimikiza kuti siginecha ndi yeniyeni. Sichinena kuti khotilo linali ndi mphamvu.

Kwa msilikali amene akungofuna kumasuka, njira imeneyi ndi yabwino. Kwa mayi wa ku Zomba uja ndi yoopsa ngati banja lakhala zaka zambiri mwamunayo ali pa ntchito, chifukwa amatuluka ndi chisudzulo chogwira ntchito, penshoni n'kutsala kumene khoti lakelo silingafike. Ngakhale ndalama zolerera ana zimavuta kutolera: pangano la ku Hague la mu 2007, limene linayamba kugwira ntchito ku America mu 2017, limathandiza makolo a m'maiko monga Germany ndi Britain, koma Malawi mulibemo.

Khoti la dziko limene mwatumizidwa

Mabanja okhala m'makampu a ku Ramstein ndi Grafenwöhr (Germany), Vicenza (Italy) kapena Camp Humphreys (South Korea) amakopeka ndi khoti lapafupi. Vuto loyamba n'lakuti msilikali amakhala kumeneko chifukwa cholamulidwa, ndipo kukhala kotero sikum'sandutsa wokhazikika. Ngati mkazi wake ndi mbadwa ya ku Germany yokhala kwawo, palibe chovuta. Ngati ndi Mmalawi amene ali kumeneko pa chilolezo cha banja la msilikali, maziko ake ndi ofooka, ndipo chilolezocho chimatha limodzi ndi banja.

Ku Germany amafuna kuti mupatukane chaka chathunthu kaye, ndipo khoti limagawa mapenshoni a awiriwo monga mbali ya mlandu, koma dzanja lake silifika ku DFAS. Likhoza kulamula bambo kuti azipereka yekha. Akabwerera ku Georgia n'kusiya, mayi ayambirenso ku khoti la ku Georgia. Ku Japan mabanja ambiri amatha pongosaina fomu ku ofesi ya mzinda, osaonana ndi woweruza. N'zachangu, koma pepala lopanda woweruza ndi limene limadzutsa mafunso ambiri likafika ku America.

Pali chinthu chimodzi chimene khoti la kumeneko limaposa ena onse: ana. Pafupifupi zigawo zonse za America zimatsata lamulo lakuti nkhani ya amene asunge ana iweruzidwe kumene anawo akhala miyezi 6 yapitayo, ndipo dziko lakunja limawerengedwa ngati chigawo. Ana akakhala kuti akulira ku Kaiserslautern, woweruza wa ku Texas akhoza kuthetsa banja n'kugawa penshoni koma nkhani ya ana n'kuisiyira mnzake wa ku Germany. Mabanja ena amayendadi m'makhoti awiri pa chifukwa chimenechi, ndipo si kulakwitsa.

Zisudzulo za tsiku limodzi

Za ku Dominican Republic ndi zina zotsatsidwa pa intaneti sindichedwapo. New York inavomereza chisudzulo chachangu cha ku Mexico mu 1965 pa mlandu wa Rosenstiel, chifukwa mbali zonse ziwiri zinaimiriridwa, koma zigawo zambiri zimakana. Wofuna changu ali ku Japan kapena Korea ayang'ane ku Guam: ndi dera la America, khoti lake DFAS imalimvera, ndipo onse awiri akavomera polemba, mmodzi amangofunika kukhalako masiku 7 asanapereke mapepala.

Khoti la chigawo cha America

Iyi ndi njira yodula ndiponso yochedwa, ndipo kwa aliyense amene ali ndi gawo pa penshoni ndi imene ndingasankhe. Chigawo chilichonse chili ndi nthawi yake: Nevada imafuna kuti mukhaleko milungu 6, Texas ndi California miyezi 6, North Carolina miyezi 6 komanso chaka chathunthu chopatukana. Msilikali akakhala kuti ntchito ikumulepheretsa kubwera, lamulo loteteza asilikali pa milandu yotere, lotchedwa SCRA, limamulola kupempha kuti mlandu uime masiku osachepera 90.

Msampha waukulu uli posankha chigawo. Khoti likhoza kukhala ndi mphamvu yothetsa banja koma lopanda mphamvu pa penshoni. USFSPA imati khoti ligawe penshoni pokhapokha msilikaliyo ali wokhazikika m'chigawocho, kapena akukhalamo pa zifukwa zina osati kutumizidwa ndi ntchito, kapena wavomera yekha kuweruzidwa ndi khotilo. Munthu amene kwawo pa lamulo ndi Florida koma ali pa kampu ku Virginia akhoza kukana kuti Virginia ikhudze penshoni yake. Musanalipire loya, onani pepala la malipiro a mwezi la msilikaliyo, chifukwa limasonyeza chigawo chimene iye analembetsa kuti ndi kwawo pa nkhani ya msonkho.

Pali bodza lofala m'makampu lakuti banja losakwana zaka 10 silipeza kanthu. Zaka 10 za banja zogwera mkati mwa zaka 10 za ntchito zimangotsegula mwayi woti DFAS izikulipirani mwachindunji. Zikapanda kukwana, khoti likhoza kukupatsanibe gawo, kungoti muzilandira kuchokera m'manja mwa mnzanu wakaleyo, ndipo aliyense akudziwa mmene zimenezo zimathera. Lamulo silinenanso kuti gawolo ndi theka. Limangoti DFAS singadule kupitirira 50 peresenti pa kugawa chuma, kapena 65 peresenti pakakhalanso ndalama za ana ndi chithandizo. Fomu yopemphera kuti DFAS izikulipirani mwachindunji ndi DD 2293.

Zinthu ziwiri zachepetsa zimene anthu amayembekezera. Pa zisudzulo zochitika pambuyo pa 23 December 2016, gawo la mkazi kapena mwamuna wakale limawerengedwa potengera udindo ndi zaka zimene msilikali anali nazo pa tsiku la chisudzulo. Akadzakwezedwa pambuyo pake, phindulo ndi lake yekha. Chachiwiri, ndalama zimene msilikali wasiya pa penshoni kuti azilandira za kulumala kuchokera ku VA sizigawidwa, ndipo khoti lalikulu linatsindikanso zimenezi mu 2017 pa mlandu wa Howell v. Howell.

Penshoni imafa ndi mwini wake. Chimene chimapitirira ndi ndondomeko ya SBP, imene imalipira wotsalayo 55 peresenti ya ndalama imene inasankhidwa. Chisudzulo chikachitika, dzina lanu silikhalapo lokha. Msilikali ali ndi chaka chimodzi choti akulembetseni monga mkazi wakale, ndipo khoti likakhala kuti linalamula zimenezo, inunso muli ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku la chigamulo choti mutumize nokha fomu DD 2656-10. Tumizani nokha, musadikire kuti iye akumbukire. Apanso chigamulo cha khoti lakunja sichiwerengedwa.

Ofesi ya maloya a pakampu imapereka uphungu waulere kwa msilikali ndi kwa banja lake, koma sakakuimirirani ku khoti, ndipo ofesi imodzi singalangize nonse awiri.

Kuyamba kunja, kumalizira ku America

Amene ali nacho kale chigamulo chakunja angapemphe khoti la chigawo kuti lichivomereze, kenako lipereke lamulo lake logawa penshoni. Zimatheka, ndipo kwa ambiri ndi khomo lokhalo lotsala. Koma ndi milandu iwiri, maloya awiri, ndipo zija za mphamvu ya khoti pa msilikali zimafunikabe. Amene sanaitanidwe n'komwe ku mlandu wakunja amakhala pabwino, poti makhoti a ku America amati banja likhoza kutha munthu palibe koma ufulu wake pa chuma sungathe iye osamvedwa. Amene anapezekapo, n'kusaina kuti zachuma zonse zatha, akhoza kuuzidwa kuti nkhaniyo inatsekedwa kale. Ngati mwakakamizika kuyamba kunja, chigamulocho chinene poyera kuti nkhani ya penshoni yasiyidwira khoti la ku America.

Kudikira

Tsiku limene chisudzulo chatsimikizika, mkazi kapena mwamuna wa msilikali amachoka pa TRICARE, ndipo msilikali ayenera kukanena ku kaundula wa mabanja a asilikali wotchedwa DEERS. Ana ake amatsalapo mpaka zaka 21, kapena 23 ngati ali pa sukulu. Ana opeza amene sanalembedwe mwalamulo kuti ndi ake amachoka limodzi ndi kholo lawo. Wochokayo akhoza kugula inshuwalansi ya CHCBP ya miyezi 36, akalembetsa pasanathe masiku 60, koma ndi yokwera mtengo.

Opulumuka ndi amene akwanitsa 20/20/20: zaka 20 za banja, zaka 20 za ntchito, ndipo zaka 20 zimenezi zikhale zogwera pamodzi. Amenewa amasunga TRICARE, chiphaso ndi mwayi wogula m'masitolo a pakampu. TRICARE imaima akakhala ndi inshuwalansi ya kuntchito kwawo, ndipo imatheratu akalowa banja lina. Banja ndi ntchito zikakwana zaka 20 koma zogwera pamodzizo n'kukhala 15 mpaka 19, amangopeza chaka chimodzi cha chipatala. Mwayi umenewu umachokera m'lamulo, woweruza sangaupereke kapena kuulanda, choncho pano chofunika kwambiri ndi tsiku la chigamulo kuposa dziko limene chachokera. Banja la zaka 19 ndi miyezi 4 likathamangira khoti lachangu, mayi amataya chipatala cha moyo wake wonse chifukwa cha miyezi 8. Kupatukana osasudzulana kumasunga zonse, poti pa lamulo mukadali pabanja, ndipo msilikali amakakamizidwabe ndi malamulo a gulu lake kuthandiza banja. Ku Army lamulo lake ndi AR 608-99.

Kudikiraku si kwa munthu amene akumenyedwa. Pakampu iliyonse pali ofesi ya Family Advocacy Program, ndipo msilikali akachotsedwa ntchito chifukwa chozunza banja lake, lamulo limapereka ndalama za mwezi ndi mwezi komanso chipatala kwa ozunzidwawo kwa miyezi 12 mpaka 36.

Amene akulowa kumene

Mukafuna kukwatiwa ndi msilikali, kapena ndinu msilikali wofuna kukwatira, ndipo mmodzi wa inu anali pabanja kumudzi, funani chigamulo cha khoti chokhala ndi chidindo, pamodzi ndi umboni wakuti mnzake wakaleyo analandira samani. Pitani nazo ku ofesi ya maloya a pakampu tsiku la ukwati lisanakhazikitsidwe, ndipo mufunse za chigawo chimene mukamangireko ukwatiwo, chifukwa malamulo a kumeneko ndi amene a USCIS, ofesi yoona za olowa m'dziko ndi unzika, adzayang'ane pa nkhani ya green card.

Ngati munakwatirana kale ndipo mwazindikira mochedwa kuti banja loyamba silinathe ku khoti, likonzeni tsopano: lithetsedwe moyenera, kenako mumangitsenso ukwati wanu. Loya akuuzeni ngati chigawo chanu chingawerengere zaka zam'mbuyozo. Ngati sichingatero, zaka 10 ndi zaka 20 zija ziyamba kuwerengedwa kuchokera pa tsiku la satifiketi yatsopanoyo.